Eyakoni ya mateyala: kuziziritsa chipinda popanda kumaliza mayunitsi

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, nyenje zikamalira m'mitengo ya mango ndipo kamvuluvulu akamanyamula fumbi m'misewu ya dothi ya ku Area 25 kapena ku Chilinde, tulo timayamba kuvuta m'nyumba zambiri za mu Lilongwe. Masana kutentha kumafika madigiri 30 kapena kupitirirapo, ndipo ngakhale dzuwa litalowa, nyumba ya njerwa zootcha yofolera ndi malata imapitiriza kutulutsa kutentha komwe yakhala ikumwa tsiku lonse. Iyi ndiyo nthawi yomwe anthu amayamba kuzungulira m'masitolo a ku Old Town ndi kufufuza m'magulu a malonda pa Facebook, kufunafuna makina oziziritsa mpweya osafuna kuboola khoma, aja okhala ndi timateyala pansi ndi paipi yaikulu kumbuyo, omwe tingowatchula kuti eyakoni ya mateyala. Ogulitsa amakonda kunena kuti makinawa amapulumutsa magetsi. Mawuwa ndi oona mukayerekeza ndi kuziziritsa nyumba yonse, popeza makinawa amatumikira chipinda chimodzi chokha chomwe muli anthu, koma kuchuluka kwa mayunitsi omwe adzadye kumadalira kwambiri chipindacho, denga lake, mazenera ake ndi maola omwe mwasankha kuwayatsa, kuposa dzina la kampani lolembedwa pabokosi.

Pali zinthu ziwiri zomwe m'masitolo zimaikidwa moyandikana ndipo nthawi zina zimapatsidwa dzina limodzi, choncho tiyambe tazilekanitsa. Makina ena ndi opepuka, otsika mtengo, mumathiramo madzi kapena ayezi, ndipo alibe paipi yopita panja. Amenewa amagwira ntchito ngati mtsuko wa dothi uja agogo ankauika pakona ya nyumba: madzi akamauma kunja kwa mtsuko amachoka ndi kutentha, ndipo otsala m'katimo amazizira. Makinawa amakoka mpweya kudzera pa chinthu chonyowa, ndipo magetsi omwe amadya sasiyana kwenikweni ndi a fani yaikulu, mwina mawati 60 mpaka 100. Mu Seputembala ndi Okutobala, mpweya wa Lilongwe ukadali wouma, amathandizadi, bola zenera likhale lotsegula kuti chinyezi chizituluka. Koma chizimalupsa chikagwa ndipo mpweya wadzala chinyezi, madzi sauma msanga, moti makinawa amangowonjezera chitungu m'chipinda. Eyakoni yeniyeni mumaizindikira ndi kulemera kwake, komwe kawirikawiri kumapitirira makilogalamu 20, ndi paipi yake yonenepa ngati ntchafu, komanso ndi phokoso la kompuresa lofanana ndi la firiji yaikulu.

Kufanana ndi firiji sikuthera pa phokoso. Eyakoni imanyamula kutentha pamalo ena n'kukakutula pamalo ena, ndipo aliyense amene anagwirapo kumbuyo kwa firiji akudziwa kumene kutentha kwa m'kati kumapita. M'makinamo muli gasi wozungulira m'timapaipi ta mkuwa. Kumbali imodzi gasiyo amakhala wozizira kwambiri, ndipo mpweya wa m'chipinda ukadutsa pamenepo umasiya kutentha kwake; kenako kompuresa imafinya gasi uja mpaka atatentha kuposa mpweya wa panja, ndipo kumbali yachiwiri amataya kutenthako. Pa eyakoni zomangirira pakhoma, mbali yotenthayi pamodzi ndi kompuresa zimakhala kunja kwa nyumba, m'mabokosi aja timawaona atapachikidwa kuseri kwa maofesi a ku City Centre. Pa eyakoni ya mateyala zonse zili m'bokosi limodzi, ndipo bokosilo laima m'chipinda chomwecho chomwe mukufuna chizizire.

Pabokosi pamalembedwa nambala ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi ya BTU, monga 9,000 kapena 12,000, yomwe imanena kuchuluka kwa kutentha komwe makina angachotse pa ola limodzi. BTU 9,000 ndi pafupifupi mawati 2,600 a kutentha, pamene BTU 12,000 ndi pafupifupi mawati 3,500. Yachiwiri ndi ya magetsi omwe makinawo amakoka pasoketi, ndipo pa makina a BTU 9,000 imakhala pafupifupi mawati 1,000, pamene aakulupo amafika 1,300 kapena 1,400. Mukagawa nambala yoyamba, itasandutsidwa mawati, ndi yachiwiri mumapeza chomwe chimalembedwa kuti EER, ndipo nambalayi ikakwera ndiye kuti makinawo akuchotsa kutentha kochuluka pa yunitsi iliyonse. Pa zizindikiro za ku Ulaya, makina a paipi imodzi amapatsidwa chilembo cha A akafika EER ya 2.6, ndipo A+ imayambira pa 3.1. Tsono taonani katundu amene paipi ija yasenza: mawati 2,600 ochokera m'chipinda kuphatikizapo mawati 1,000 a magetsi, omwenso amasanduka kutentha, zonse pamodzi 3,600. Munthu amene wayatsa makinawa paipi ili m'chipinda momwemo, kapena atailozetsa kukhonde la m'kati mwa nyumba chitseko chili chotsegula, wagula mbaula ya mawati 1,000 yomwe imamuuzira kamphepo kozizira kumaso uku ikutenthetsa nyumba.

Ngakhale paipi italozetsedwa panja bwinobwino, pali vuto lina lomwe ogulitsa salitchula, ndipo ndilo lalikulu pa nkhani yonseyi. Makina ambiri omwe amapezeka kuno ali ndi paipi imodzi. Kuti aziziritse mbali yotentha ija, amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, mpweya womwe mwalipira kale kuti uzizire, n'kuuponya panja uli wotentha. Mpweya wotuluka chotere umapitirira makiyubiki mita 200 pa ola, pamene chipinda chogona cha mamita 3 m'lifupi, mamita 4 m'litali ndi mamita 2.7 kupita m'mwamba chimasunga makiyubiki mita pafupifupi 32 okha. Ndiye kuti mpweya wonse wa m'chipindacho umatayidwa panja kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo pa ola lililonse. Chipinda sichingakhale chopanda mpweya, choncho wina umalowa m'malo mwake kudzera kunsi kwa chitseko, m'mipata ya magalasi a mazenera, m'timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma ndi m'ming'alu ya siling'i. Mpweya wolowawo ukakhala wotentha, gawo lalikulu la ntchito ya kompuresa limathera pa kuziziritsa mlendo yemwe makina omwewo amuitana. N'chifukwa chake ku America, kuyambira mu 2017, makinawa amalembedwa nambala ina yotchedwa SACC, yomwe imawerengera kutayika kumeneku, ndipo makina omwe kale ankadziwika ndi BTU 14,000 nthawi zambiri amapezeka ali cha m'ma 8,000 mpaka 10,000 pa muyeso watsopanowu. Mukaona nambala ziwiri za BTU pabokosi limodzi, khulupirirani yaing'onoyo.

Ine zimenezi ndinaziona ndi maso m'nyumba ina ya lendi yomwe ndinkakhala ku Area 25. Masiku oyamba makina ankalira usiku wonse osapuma, mayunitsi ankatha ngati mchere wogwera m'madzi, koma chipinda chinkangozizira pafupi ndi makinawo. Chomwe chinanditsegula maso chinali fungo: madzulo ena kukhitchini kukukazingidwa usipa, fungo lonse linadzaza kuchipinda chogona ngakhale chitseko chinali chotseka. Ndinang'amba kachidutswa ka nyuzipepala n'kukagwira kunsi kwa chitseko, ndipo kanapindikira m'kati ngati kakukokedwa ndi ulusi. Nditakwera pampando n'kuika dzanja pa kachitseko ka pasiling'i kolowera kudenga, komwe sikankatsekeka bwino, ndinamva mpweya wotentha ukutsika ngati wochokera mu uvuni. Makina anga ankakoka mpweya wa pansi pa malata, womwe ndi wotentha kuposa wina uliwonse panyumba, n'kumalimbana nawo.

Phunziro lake likusiyana pang'ono ndi malangizo wamba akuti tsekani paliponse. Makina a paipi imodzi adzakokabe mpweya kwinakwake, kaya mufune kaya musafune, choncho ntchito yanu ndi kusankha kumene uchokere. Matani ming'alu yonse ya siling'i ndi kachitseko ka kudenga, tsekani timabowo ta mpweya ta khoma lomwe limawombedwa ndi dzuwa, matani mozungulira pomwe paipi yatulukira kuti mpweya wotentha womwe mwangotaya usabwererenso, koma siyani kampata kunsi kwa chitseko cholowera kumbali ya nyumba yomwe ili pamthunzi. Makina a mapaipi awiri amathetsa vutoli pokoka mpweya wa panja ndi paipi imodzi n'kuubweza panja ndi inayo, osakhudza wa m'chipinda. Ndi osowa ndiponso okwererapo mtengo, koma kwa amene akufuna kuziziritsa chipinda chogwirira ntchito masana, pamene kunja kwatenthetsa, kusiyana kwake n'kwakukulu. Kukoka mpweya kumeneku kulinso ndi chiopsezo chomwe sitiyenera kuchilumpha: mbaula ya makala ikamayaka m'nyumba, kapena jenereta ikamalira pafupi ndi zenera, utsi wake wakupha uja wopanda fungo ungathe kukokeredwa m'chipinda momwe anthu akugona.

Mazenera athu nawo ali ndi nkhani yake. Kachibolodi ka pulasitiki komwe kamabwera m'bokosi kanapangidwira mazenera otsetsereka, pamene nyumba zambiri za ku Kawale, Biwi, Area 18 ndi kwina zili ndi magalasi aja opingasa otsegula ndi kachitsulo, kapena mazenera achitsulo otsegukira kunja, ndipo onsewa ali ndi zitsulo zotchinga akuba. Njira yomwe imagwira ntchito pa magalasi opingasa ndi kuchotsa galasi limodzi kapena awiri a m'munsi, n'kuikapo thabwa lopyapyala lomwe kalipentala aliyense angalidule pa muyeso, lokhala ndi bowo lozungulira la masentimita pafupifupi 15 pakati pa zitsulo ziwiri. Magalasi otsalawo satsekeka kwenikweni, choncho m'mipata yake muyenera kumatamo tepi kapena kufinyiramo timasiponji. Paipi ikhale yaifupi ndi yowongoka momwe kungathekere. Ikatalika kapena ikapindika kwambiri mpweya suyenda bwino, ndipo popeza paipiyo imatentha moti mukaigwira mumamva, mita iliyonse yomwe ili m'chipinda ikubweza kutentha komwe mumafuna kutaya. Kuikulunga ndi bulangete lakale kapena ndi chofunda cha mapaipi chogulitsidwa m'masitolo a zomangira nyumba kumachepetsa vutoli pa mtengo wochepa. Osailumikiza ndi paipi ina kuti ifike patali, chifukwa fani ya m'kati inapangidwira utali womwe unabwera m'bokosi. Makina akazima, tsekani bowolo, apo ayi mwatsegulira udzudzu khomo.

Tsopano tiwerengere mayunitsi, popeza ndi pamene pagona nkhani ya ndalama. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimadya yunitsi imodzi. Eyakoni yotere ikalira osapuma kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa yadya mayunitsi 8, ndipo pa masiku 30 afika 240. Chipinda chikakhala chotsekedwa bwino moti kompuresa ikugwira ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu a usikuwo, nthawi yotsalayo kukungozungulira fani yake, mudzataya mayunitsi pafupifupi 3 pa usiku, kapena 90 pamwezi. Mukaiyatsa maola awiri okha musanagone n'kusiyira fani wamba ya mawati 50 usiku wonse, ndi mayunitsi 2.4 pa usiku, 72 pamwezi. Fani yokhayo pa maola 8 imadya 0.4, omwe ndi mayunitsi 12 pamwezi. Makina ake ndi omwewo, nyumba yake ndi yomweyo, koma pakati pa 240 ndi 72 pali ndalama yogulira ufa ndi ndiwo za masiku angapo. Mitengo ya magetsi imavomerezedwa ndi bungwe la MERA ndipo imasintha, choncho njira yodalirika yosandutsira mayunitsiwa kukhala makwacha ndi kutenga uthenga wa tokeni ya ESCOM yomwe mwagula posachedwa, kaya pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, n'kugawa ndalama yomwe munalipira ndi mayunitsi omwe munalandira. Mita ya m'nyumba mwanu ndi mboni yosakondera: lembani mayunitsi otsala pogona ndi podzuka usiku wina eyakoni ili yozima, chitaninso chimodzimodzi usiku wotsatira ili yoyaka, ndipo kusiyana kwa nambala ziwirizo ndiwo mtengo weniweni wa tulo tanu.

Chomwe chimalamula kuti kompuresa ipume kapena ilire usiku wonse ndi kutentha kolowa m'chipinda, ndipo khomo lake lalikulu ndi denga. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, kotero kuti kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni. Kumwamba kukakhala kopanda mitambo, pa sikweya mita iliyonse ya denga pamagwa mphamvu ya mawati pafupifupi 1,000. Chipinda chathu chija cha mamita 3 ndi 4 chili ndi denga la masikweya mita 12, lomwe masana likulandira mawati 12,000. Ngakhale gawo limodzi lokha mwa magawo khumi litadutsa n'kulowa m'chipinda, ndi mawati 1,200, pafupifupi theka la mphamvu zonse za makina a BTU 9,000. Malata akale a dzimbiri kapena opaka utoto wakuda amatentha kupitirira madigiri 60. M'chipinda chopanda siling'i, eyakoni ya mateyala ili ngati kutunga madzi ndi dengu, ndipo ine ndingalangize kuti ndalama yogulira makinawo iyambe yapita ku siling'i. Pomwe siling'i ilipo kale, kuyala chotchinga kutentha pamwamba pake kapena kupaka malata utoto woyera kumathandiza nyumba yonse zaka zambiri osadya yunitsi ngakhale imodzi, ndipo ndi nkhani yoyenera kukambirana ndi eni nyumba.

Khoma la kumadzulo limabwera pachiwiri. Dzuwa la kuyambira 2 koloko masana limaliwomba molunjika, njerwa zimasunga kutenthako, ndipo zimakutulutsa pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku, moti mukaika dzanja pakhomalo nthawi yogona mumapeza likadali lofunda. Ngati nyumba ili ndi zipinda zingapo, chipinda cha kum'mawa kapena chomwe chili pamthunzi wa mtengo ndicho choyenera kuikamo makina. Pa zenera, chotchinga cha kunja, ngakhale mphasa yopachika kapena mpanda wa zomera zoyanga, chimaposa katani ya m'kati, chifukwa dzuwa likadutsa galasi ndiye kuti kutentha kwalowa kale. M'kati namonso muli mbaula zosaoneka. Munthu wamkulu atangokhala amatulutsa mawati pafupifupi 100, ndipo wati iliyonse yomwe wailesi ya kanema, kompyuta kapena firiji ya m'chipinda ikudya imathera m'chipinda momwemo ngati kutentha. Kusita zovala m'chipinda chomwe mukuziziritsa ndi kulipira kawiri.

Kunena za nambala ya pa rimoti, ambiri amathamangira pa 16 kapena 17 poganiza kuti chipinda chizizira msanga. Pa makina ambiri a mateyala kompuresa ili ndi liwiro limodzi lokha; imayaka kapena imazima. Nambala yomwe mwasankha imangoiuza nthawi yoleka, ndipo popeza chipinda cha mu Okutobala sichidzafika pa 16, kompuresayo sidzaleka. Kutentha kolowa kudzera m'makoma ndi m'mipata kumakula molingana ndi kusiyana kwa kunja ndi m'kati: kunja kukakhala 32 inu n'kusankha 26, kusiyana ndi madigiri 6, koma mukasankha 20 kusiyanako ndi 12, ndipo kutentha kolowa mwa njira imeneyi kwawirikiza kawiri. Madigiri 25 kapena 26 pamodzi ndi fani yozungulira ndi okwanira kwa anthu ambiri, chifukwa mphepo yodutsa pakhungu imaumitsa thukuta ndipo thupi limamva ngati kwazizira ndi madigiri ena awiri kapena atatu. Fani imaziziritsa munthu, choncho m'chipinda mopanda munthu izime. Ogona m'neti adziwe kuti neti imabweza mphepo yambiri, ndipo fani yoima pafupi ndi bedi imathandiza kuposa yakutali.

Mwayi waukulu womwe anthu a mu Lilongwe ali nawo, womwe anzathu a ku Nsanje, Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja ku Salima alibe, ndi kukwera kwa malo. Mzindawu uli pa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'nyengo youma kutentha kumatsika kwambiri usiku, moti mbandakucha wa mu Okutobala nthawi zambiri umakhala cha m'madigiri 20 kapena kutsikirapo. Zikatero, pakati pa usiku kunja kumakhala kozizira kuposa nambala yomwe mwaika pa rimoti, ndipo chomwe chikutenthetsa chipinda ndi makoma okha. Pa maola amenewa vuto lija la paipi imodzi limachepa, popeza mpweya wokokedwa kuchokera panja ndi wozizira kale, koma pa chifukwa chomwecho kompuresa sifunikanso: fani yoikidwa pazenera lokhala ndi sefa ya udzudzu ingagwire ntchito yomweyo ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a magetsiwo. Dongosolo lomwe ndaona likugwira ntchito ndi lotsegula mazenera onse m'bandakucha kuti makoma azizire, kuwatseka ndi kukoka makatani dzuwa lisanakwere cha m'ma 8 koloko, kuyatsa eyakoni ola limodzi musanagone, n'kuitchera kuti izime yokha pakatha maola awiri kapena atatu. Pafupifupi makina onse ali ndi batani lotchera nthawi, koma ndi batani lomwe eni ake ambiri sanaligwirepo.

Mvula ikayamba mu Novembala ndi Disembala, mdani amasintha. Madigiri amatsika pang'ono koma chinyezi chimakwera, thukuta siliuma, ndipo munthu amamva kutentha ngakhale nambala isali yaikulu. Apa eyakoni imachita zomwe fani ndi makina a madzi aja sangathe, chifukwa mpweya ukadutsa pa timapaipi tozizira, chinyezi chake chimasanduka madontho. Kunena zoona, ntchito yoyamba ya makina amakono oziziritsa mpweya inali imeneyi: mu 1902 Willis Carrier anawakonzera kampani yosindikiza ya ku Brooklyn, ku New York, yomwe mapepala ake ankafufuma ndi chinyezi. Pa masiku a chitungu, kusankha mbali yochotsa chinyezi pa rimoti kumabweretsa mpumulo popanda kutsitsa madigiri kwambiri. Madzi otuluka, makina ambiri amawauzira panja kudzera pa paipi yomwe ija, koma chinyezi chikachuluka kathanki ka m'munsi kamadzaza ndipo makina amazima okha pakati pa usiku. Kapaipi kakang'ono kolowetsa m'ndowa kamathetsa zimenezo.

Fumbi la chilimwe limatseka sefa ya kumbuyo msanga, ndipo sefa yotsekeka imachititsa kompuresa kulira nthawi yaitali pa kuzizira kochepa. Kuitsuka ndi madzi pa masabata awiri aliwonse, kapena sabata iliyonse ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu wa dothi, n'kuiumitsa pamthunzi, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Siyani mpata wa theka la mita pakati pa makina ndi khoma. Mukawanyamula pagalimoto aime chilili, ndipo mukafika adikire maola angapo musanawayatse kuti mafuta a kompuresa abwerere m'malo mwake. Makina ambiri atsopano ali ndi gasi wotchedwa R290, yemwe amayaka moto akatuluka, choncho akawonongeka apite kwa mmisiri wa mafiriji wodziwa za gasi ameneyu.

Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo makina a mawati 1,000 mpaka 1,400 amakoka maampeya pafupifupi 4 mpaka 6, zomwe pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya maampeya 13 imapirira bwino ikalowa molunjika m'soketi ya pakhoma. Zingwe zowonjezera zotchipa, zija za timawaya topyapyala, zimatentha ndipo zingasungunuke. Vuto lina n'lakuti nyengo yotentha ndi yomwenso madzi amachepa, pamene magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero kuti kuthimathima kumakonda kukumana ndi masiku omwe eyakoni ikufunika kwambiri. Magetsi akabwerera nthawi zina amabwera mosakhazikika, choncho kachipangizo koteteza konga ka pafiriji n'kofunika, koma onetsetsani kuti maampeya ake akukwanira, chifukwa tambiri ta firiji tinapangidwira katundu wocheperapo. Amene akuganiza zoyendetsa eyakoni ndi batire awerengere kaye: batire la mavoti 12 ndi maampeya-awa 100 limasunga mayunitsi 1.2 okha, ndipo la mtovu siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye kuti makina a mawati 1,000 angalire kwa mphindi zongopitirira pang'ono 30, inveta itapirira kukoka kwamphamvu komwe kompuresa imachita poyamba. Batire lomwelo lingayendetse fani ya mawati 50 pafupifupi usiku wonse.

Funso lotsala n'lakuti kodi sikwabwino kungogula eyakoni ya pakhoma. Pa magetsi, ya pakhoma imapambana kutali, makamaka ija yotha kusintha liwiro la kompuresa, chifukwa sitaya mpweya wa m'chipinda, mbali yake yotentha ili panja, ndipo phokoso lake lili panjanso, pamene ya mateyala imalira pambali pa bedi mokweza ngati anthu akucheza. Kwa mwini nyumba amene adzaigwiritsa ntchito maola ambiri, kapena ofesi yotsegula tsiku lonse, ndalama yowonjezera yogulira ndi yolipira amisiri imabwerera kudzera m'mayunitsi. Koma nyengo yotentha kwenikweni mu Lilongwe ndi ya miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kwa munthu wa lendi yemwe saloledwa kuboola khoma, yemwe mwina chaka chamawa adzasamukira ku Area 49 kapena ku Area 36, yemwenso akufuna maola atatu okha a kuzizira pa usiku kuti khanda kapena kholo lodwala ligone, mayunitsi owonjezerawo pa masiku 60 kapena 90 sangafike pa mtengo woika ndi kuchotsa makina a pakhoma. Kwa munthu wotere, makina a BTU 9,000 amakwanira chipinda chogona cha masikweya mita 12 mpaka 15 chokhala ndi siling'i. Pabalaza polumikizana ndi chipinda chodyera ndi khonde la m'kati, ngakhale a BTU 14,000 adzangolira pachabe.

Dzinja likakhazikika ndipo usiku wayambanso kuzizira, tsegulani kachitseko ka pansi kuti madzi onse atuluke, yendetsani fani yake yokha kwa maola angapo kuti m'kati muume ndipo musamere nkhungu, tsukani sefa, pindani paipi, kenako phimbani makinawo ali chilili pamalo pomwe makoswe ndi mphemvu sizingalowe n'kudya mawaya. Thabwa la pazenera lichotsedwe mvula isanaliwoletse, ndipo magalasi aja munachotsa mu Okutobala, omwe munayenera kuwakulunga m'nyuzipepala n'kuwasunga pamwamba pa kabati, abwerere m'malo mwake, chifukwa tsiku losamuka eni nyumba adzawawerenga limodzilimodzi.